Mwana wa autism akamakodzabe pogona atakula

Madokotala sawerengera kukodza pogona ngati vuto mwana asanakwanitse zaka 5. Pa msinkhu umenewo ana pafupifupi 15 mwa 100 alionse amadzukabe mphasa itanyowa. Pofika zaka 10 amatsala 5, ndipo pa zaka 15 amatsala mmodzi kapena awiri. Ana a autism ambiri amachedwa kusiya kuposa anzawo, moti sizachilendo kupeza mnyamata wa zaka 12 akuyanikirabe zofunda m'mawa uliwonse.

Zimene zimachititsa n'zodziwika. Usiku thupi limatulutsa homoni yotchedwa vasopressin, imene imachepetsa mkodzo wopangidwa ndi impso. Ana ena amakhala nayo yochepa, choncho chikhodzodzo chimadzaza kusanache. Ena chikhodzodzo chawo sichisunga mkodzo wambiri, pamene ena tulo tawo n'tofa nato, ubongo sudzuka ngakhale chikhodzodzo chiitane. Zimayendanso m'magazi: ngati bambo ndi mayi onse ankakodzera pamphasa ali ana, ana atatu mwa anayi amatengera. Palibe mwana amene amachita dala ali m'tulo, ndipo kumumenya kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake kumangowonjezera mantha.

Autism imawonjezera zake. Ana ambiri otere samva msanga zimene zikuchitika m'kati mwa thupi, kaya ndi njala, ludzu kapena mkodzo. Wina amamva ndithu, koma chimbudzi chili panja, kuli mdima, kukuzizira komanso kukununkha, ndipo kwa mwana amene fungo ndi phokoso zimamulasa kwambiri, ulendo umenewo ndi wosatheka. Wosalankhula sangadzutse munthu kuti amuperekeze.

Chimene makolo ambiri sachiganizira ndi kudzimbidwa. Thumbo losunga chimbudzi lili kumbuyo kwenikweni kwa chikhodzodzo, ndipo likadzaza ndi chimbudzi chouma limachipanikiza mpaka malo a mkodzo amachepa. Ana a autism amadzimbidwa kawirikawiri chifukwa chosankha zakudya. Wina amangofuna buledi, mpunga kapena nsima yoyera, masamba osawakhudza n'komwe, madzinso akumwa pang'ono. Mwana akhoza kumapita kuchimbudzi tsiku lililonse koma m'mimba muli modzaza, ndiye chofunika kuona ndi kuuma kwa chimbudzicho, kudzikakamiza, ndi timadontho ta chimbudzi pa kabudula wam'kati. Mgaiwa, nyemba, papaya ndi madzi okwanira zimathandiza, koma nthawi zambiri pamafunikanso mankhwala ofewetsa chimbudzi ochokera kuchipatala, omwedwa kwa miyezi ingapo. Ana ena amasiya kukodza pogona vuto limeneli likangotha.

Mwana amene anasiya kwa miyezi 6 kapena kuposerapo n'kuyambiranso ayenera kukapimidwa. Matenda a m'njira ya mkodzo, shuga ndi sickle cell amatha kubisala kuseri kwa mphasa yonyowa, ndipo kumadera a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire likodzo silingaiwalidwe, makamaka ngati mkodzo ukutuluka ndi magazi. Khunyu, imene ndi yofala pakati pa ana a autism, ikagwira usiku imasiyanso zofunda zonyowa. Mankhwala a risperidone, amene ena amapatsidwa kuti mtima ukhale m'malo, nawonso amayambitsa vutoli, koma sayenera kusiyidwa dokotala asanauzidwe. Kusamuka, maliro kapena nkhanza zimene mwana sangathe kufotokoza zimaonekeranso mwa njira yomweyi.

Kunyumba ntchito imayamba masana. Mwana amwe madzi ambiri m'mawa ndi masana, ndipo achepetse pakatsala ola limodzi kapena awiri kuti agone. Kumumana madzi tsiku lonse n'kulakwitsa, chifukwa kumawonjezera kudzimbidwa. Tiyi ndi zakumwa monga Coca-Cola zili ndi caffeine, imene imachulukitsa mkodzo, choncho si za madzulo. Akodze kanayi mpaka kasanu ndi kawiri pa tsiku, komaliza atatsala pang'ono kulowa m'zofunda. Ana a autism amagwira bwino zinthu zochitika mofanana tsiku ndi tsiku, ndiye zithunzi zomata pakhoma zoonetsa kusamba, kukodza ndi kugona zimaposa mawu ambirimbiri. Ndowa yokhala pafupi ndi pogona ndi katochi kakang'ono zimachotsa ulendo wa panja uja. Mphoto iperekedwe pa zimene mwana angathe, monga kukodza asanagone kapena kuthandiza kuyalula, osati pa kudzuka wouma, kumene sikuli m'manja mwake.

Njira yodalirika kwambiri ndi alamu imene imalira dontho loyamba likagwa, yomwe Orval ndi Willie Mowrer a ku America anaifotokoza mu 1938. Imathandiza ana awiri mwa atatu, koma imafuna miyezi iwiri kapena itatu, ndipo imasiyidwa mwana akagona wouma masiku 14 otsatizana. Kulira kwake kumatha kuopseza mwana wa autism mpaka kukana kugona. N'chifukwa chake pali ina yongonjenjemera, ndipo ndi bwino aiyese masana ngati masewera mpaka aizolowere. Kumunyamula ali m'tulo kuti akakodze kumapulumutsa zofunda usiku umenewo, koma sikumuphunzitsa kanthu.

Mapiritsi a desmopressin amagwira ntchito ya homoni ya vasopressin ija ndipo amathandiza msanga, ngakhale kuti ambiri amayambiranso akasiya kumwa. Lamulo lake ndi lolimba: mwana asamwe madzi kuyambira ola limodzi asanamwe piritsi mpaka maola 8 atamwa, apo ayi mchere wa m'magazi umatsika n'kuyambitsa kukomoka. Kwa mwana amene amadzuka yekha usiku n'kukamwa madzi mosaletseka, mankhwalawa si oyenera. Poyembekezera kuti thupi likhwime, pulasitiki pansi pa nsalu amateteza matiresi, ndipo kumusambitsa m'mawa n'kumudzoza Vaseline kumaletsa khungu kusupuka ndi fungo kumutsatira kusukulu.