Kusungunula Asidi ndi Jik: Tisamangoyerekeza, Tiziyeza

Anzathu a m'makalabu a achinyamata, ambiri mwa inu mumathandiza kusamalira odwala m'makomo. Mumachapa zofunda, mumakolopa, ndipo nthawi zina mumapukuta magazi kapena masanzi. Ife alangizi a zaumoyo tikamayenda m'midzi timaona vuto limodzi kawirikawiri: munthu amatenga botolo la Jik n'kukhuthulira m'ndowa mongoyerekeza, kenako n'kununkhiza kuti amve ngati wakwana. Koma mphuno si muyezo. Mankhwala akachuluka amawotcha khungu ndi kudya nsalu. Akachepa, majeremusi amatsala amoyo ife tikuganiza kuti tayeretsa. M'nkhani ino tifotokoza mmene asidi ndi mankhwala ena amphamvu amasungunulidwira ndi madzi kuti afike pa mphamvu yoyenera.

Kodi mphamvu ya mankhwala imadziwika bwanji?

Tonse tinasungunulapo Sobo. Tikathira madzi, shuga sachoka m'kapu muja. Amangomwazika m'madzi ambiri, n'chifukwa chake kutsekemera kumachepa. Asidi nayenso amatero: madzi samuchotsa, amangomumwaza.

Mphamvu ya mankhwala imalembedwa pa botolo m'maperesenti. Botolo lolembedwa 5% likutanthauza kuti pa magawo 100 aliwonse, magawo 5 ndi mankhwala enieni, otsalawo ndi madzi. Choncho tisanathire chilichonse, tiyambe tawerenga nambala imeneyi.

Masamu ake ndi awa. Tengani mphamvu yolembedwa pa botolo, muigawe ndi mphamvu imene mukufuna, kenako muchotsepo 1. Yankho lake ndi chiwerengero cha makapu a madzi ofunika pa kapu imodzi ya mankhwala. Timachotsa 1 chifukwa kapu ya mankhwalayo nayo imawerengedwa m'kati mwa zonse zimene tasakaniza. Kapu ikhale yaikulu kapena yaing'ono zilibe kanthu, bola tiyezere kapu yomweyo madzi ndi mankhwala omwe, ndipo isakhale kapu yomwera.

Chitsanzo cha kuchipatala

Amayi akapita kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, njira imodzi imene anamwino amagwiritsa ntchito ndi kupaka viniga pakhomo la chiberekero. Pakatha mphindi imodzi, malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Nkhaniyi ikutikhudza, pakuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likunena kuti chiopsezo cha khansa imeneyi n'chachikulu kasanu ndi kamodzi kwa amayi amene ali ndi kachilombo ka HIV poyerekeza ndi amene alibe.

Mu viniga muli asidi wotchedwa acetic acid, ndipo poyezapo amafunika akhale wa pakati pa 3% ndi 5%. Asidi yemweyu amapezekanso wosasungunula, wa mphamvu pafupifupi 100%, woti akhoza kuwotcha thupi. Kuti afike pa 5%, timagawa 100 ndi 5, tipeza 20, tichotsepo 1, patsala 19. Ndiye kuti gawo limodzi la asidi likufuna magawo 19 a madzi, monga mamililita 5 a asidi pa mamililita 95 a madzi. Akachepa mphamvu, malo odwala saoneka ndipo mayi amabwerera kunyumba akuganiza kuti ali bwino. Akachuluka, mayi apsa. Ntchito imeneyi ndi ya ogwira ntchito kuchipatala okha, koma ikutionetsa kuti muyezo ungateteze moyo wa munthu.

Asidi ndiye amapita m'madzi

Amene muli kusekondale mudzakumana ndi sulphuric acid mu labotale. Ndi yemwe ali m'mabatire a galimoto, kungoti wa m'batire ndi wosungunula kale, ngakhale amawotchabe. Lamulo ndi ili: yambani mwaika madzi m'chiwiya, kenako muzithira asidi pang'onopang'ono uku mukutakasa. Musathire madzi mu asidi wamphamvu.

Chifukwa chake n'chakuti asidi akakumana ndi madzi pamatuluka kutentha kwambiri. Asidi akamalowa pang'onopang'ono m'madzi ambiri, kutenthako kumamwazika. Koma sulphuric acid wosasungunula ndi wolemera kuposa madzi, choncho timadzi tikathiridwa pamwamba pake timayandama, n'kuwira nthawi yomweyo, asidi uja n'kuthovukira kumaso ndi m'manja. Valani magolovesi ndi zoteteza maso, tsegulani mawindo, ndipo aphunzitsi akhale pomwepo.

Nanga Jik wa kunyumba?

Jik si asidi. Muli klorini, koma masamu ake ndi omwe aja. Poyeretsa pamene pagwera magazi, masanzi kapena chimbudzi pamafunika mphamvu ya 0.5%. Ngati botolo lalembedwa 3.5%, tigawe 3.5 ndi 0.5, tipeza 7, tichotsepo 1, patsala 6. Ndiye kuti kapu imodzi ya Jik, makapu 6 a madzi. Ngati lalembedwa 5%, ndi kapu imodzi pa makapu 9.

Valani magolovesi, kapena majumbo osabooka ngati magolovesi palibe. Pukutani magaziwo ndi kansalu, tsukani pamalopo ndi sopo, kenako thirani madzi a Jik aja ndipo akhalepo mphindi 10. Muzichita zimenezi pa magazi a munthu aliyense, osati a amene ali ndi HIV okha, chifukwa m'magazi mumadutsanso matenda ena monga a chiwindi a hepatitis B. Kumbukiraninso kuti HIV sifala kudzera m'mbale, m'makapu kapena m'thukuta. Mbale za wodwala zimangofuna sopo ndi madzi ngati za wina aliyense.

Zofunda ndi zovala zimafuna madzi ofookerapo, a 0.05%. Tengani kapu imodzi ya madzi a 0.5% aja, muisakanize ndi makapu 9 a madzi. Chapani kaye ndi sopo, nyikani kwa mphindi 30, kenako tsukuluzani. Sakanizirani m'ndowa ya pulasitiki chifukwa klorini amadya chitsulo. Konzani atsopano tsiku lililonse ndipo muwasunge pamthunzi, pakuti dzuwa limawachotsa mphamvu.

Zoyenera kupewa

Musasakanize Jik ndi asidi wa mtundu uliwonse, kaya viniga, asidi wa m'batire kapena mankhwala ena otsukira m'chimbudzi. Pamatuluka mpweya wa klorini umene umawononga maso ndi mapapo, ndipo m'chipinda chotseka ukhoza kupha.

Musasunge asidi kapena Jik m'botolo la zakumwa. Mwana akhoza kumwa. Lembani dzina pa botolo ndipo muliike patali.

Musatsuke kumaliseche ndi Jik, viniga kapena mandimu mutagonana poganiza kuti mupha kachilombo. Zimenezi siziteteza. Zimasupula khungu lofewa la m'kati, ndipo timabala timeneto timapereka mpata woti kachilombo kalowe. Ngati kondomu yaphulika kapena wina wagwiriridwa, thamangirani kuchipatala maola 72 asanathe kuti mukalandire mankhwala a PEP.

Ngozi ikachitika

Asidi kapena Jik wosasungunula akagwera pakhungu kapena m'maso, vulani chovala chimene chanyowa ndipo tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 20. Musapakepo mafuta, phulusa kapena mankhwala otsukira mano. Ngati munthu wamwa, musamusanzitse, chifukwa pobwerera mankhwalawo amawotchanso kummero. Pitani naye kuchipatala msanga mutatenga botololo kuti adokotala akaone.

Pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu, bwerani ndi ndowa, kapu ndi botolo la Jik. Aliyense awerenge nambala ya pa botolo, achite masamu aja, ayeze yekha anzake akuona. Lembani miyezo yake papepala n'kumata pakhoma la chipinda chimene mumakumanamo. Pamene pakuvuta, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Ife tilipo kuti tikuthandizeni.