Foni yolembedwa kuti ndi ya ku China, ndalama zake n'zayani?

Ziwerengero za malonda a pakati pa mayiko zimachokera m'mabuku a kasitomu, momwe katundu amalembedwa pa mtengo wake wonse nthawi iliyonse akadutsa pachipata, ndipo dziko lomwe lamutumiza komaliza limaoneka ngati ndilo lapanga zonse. Kawerengedwe kameneka kanali koyenera kale, koma lero kamasocheretsa, popeza katundu mmodzi amadutsa m'mafakitale a mayiko angapo asanafike kwa wogula. N'chifukwa chake akatswiri a zachuma amafuna kudziwa mtengo wowonjezeredwa, kutanthauza gawo la mtengo lomwe labadwira m'dziko lililonse pakachotsedwa zipangizo zogulidwa kunja.

Chitsanzo chomwe chinatsegula anthu maso ndi kafukufuku wa Yuqing Xing ndi Neal Detert wa mu 2010, wokhudza foni ya iPhone 3G yomwe kampani ya Foxconn inkalumikiza ku Shenzhen. Foni iliyonse inkatuluka ku China pa mtengo wa madola pafupifupi 179, koma ntchito yolumikiza, yomwe ndiyo inkachitikira ku China, inali ya madola 6.50 okha, pamene zipangizo zodula za m'kati mwake zinkachokera ku Japan, South Korea ndi Germany. M'mabuku, mafoniwa anaonetsa kuti mu 2009 America inagula ku China katundu wa madola pafupifupi 2 biliyoni, chonsecho gawo lenileni la China linali madola 73 miliyoni, ndipo andale okwiyira China ankaloza chala dziko lomwe linangomanga mtolo wa nkhuni zotola ena.

Vuto lina ndi kuwerenga kawiri, pakuti chipangizo chimalembedwa polowa m'dziko lolumikiza, n'kulembedwanso potuluka chili m'kati mwa foni. Bungwe la UNCTAD linayerekeza kuti mwa madola 19 thililiyoni a malonda a dziko lonse mu 2010, pafupifupi 5 thililiyoni anali obwerezabwereza motere.

Pofuna kukonza zimenezi, mabungwe a OECD ndi WTO anakhazikitsa nkhokwe ya ziwerengero yotchedwa TiVA mu 2013, potsatira njira ya Wassily Leontief yoonetsa zomwe gawo lililonse la chuma limagula ku magawo ena. Njirayi ili ndi zofooka, chifukwa ziwerengero zake zimatuluka mochedwa ndi zaka zingapo ndipo zina ndi zongoyerekeza, komabe imayankha funso lomwe mabuku a kasitomu sangayankhe. Powerengera mwa njirayi, ndalama za fodya wa ku Malawi nazonso zimachepa pakachotsedwa mtengo wa feteleza ndi mafuta, zomwe dzikoli limagula kunja.