Nyumba ya Oak Alley ndi Amene Anaimanga

Tsiku lina ndiri m'nyumba ya mabuku ndinaona chithunzi cha nyumba yoyera yokongola koposa. Nditaonetsa aphunzitsi athu a mbiri yakale, iwo anangondifunsa kuti, "Nanga njerwa zake anaumba ndani?" Funso limeneli ndilo landilembetsa nkhaniyi.

Nyumbayo dzina lake ndi Oak Alley. Ili ku Louisiana m'dziko la Amereka, m'mphepete mwa mtsinje waukulu wa Mississippi. Mwini wake woyamba anali Jacques Roman, mlimi wa nzimbe, ndipo inamangidwa kuyambira 1837 kufikira 1839.

Nyumbayi ndi yosanja, ndipo ili ndi khonde kumbali zonse zinayi, pansi ndi pamwamba pomwe. Khondelo lagwiridwa ndi nsanamira 28 zonga za akachisi a Agriki akale. Kutsogolo kwake kuli mitengo ikuluikulu 28 ya oak, yondandalika m'mizere iwiri, utali wa mapazi 800 kulinga kumtsinje. Popeza dzikolo ndi lotentha, khonde limatchinga dzuwa, zipinda ndi zazitali, ndipo zitseko zinaikidwa moyang'anizana kuti mphepo idzipyola. Nsanamirazo munthu angayese ndi za mwala, koma ndi njerwa zomata ndi kupaka utoto woyera.

Tsono yankho la funso lija ndi ili: njerwazo anaumba ndi akapolo, pamunda pomwepo. Akapolo oposa 100 anali kugona m'tinyumba ta matabwa kuseri kwa nyumba yaikuluyo. M'chipinda chodyera munali chokupizira chachikulu cholendewera kudenga, chimene kamnyamata kaukapolo kanali kukoka ndi chingwe pamene ambuye ake anali kudya. Kapolo wina, dzina lake Antoine, anali katswiri wa za mitengo. Mu 1846 iye anakhoza kumezanitsa mitengo ya mtedza wa pecan, nchito imene ena inawakanika.

Ukapolo unatha mu 1865, ndipo mu 1866 mundawo unagulitsidwa chifukwa cha ngongole. Lero alendo amapita kukaona nyumbayo, ndipo tinyumba ta akapolo tinamangidwanso, maina awo nalembedwa pakhoma.

Anzanga, ife amene tinaumbako njerwa patchuthi tidziwa m'mene msana umapwetekera. Koma ife tinalandira ndalama zathu, tinapitanso kwathu madzulo, iwowa ayi. Chifukwa chake ndikaonanso chithunzi chija ndimakumbukira Antoine ndi anzake ndisanakumbukire Roman.

Wophunzira wa Fomu 3