Kodi mumadziwa? Malumbiro ndi mtendere m'Baibulo

Kodi mumadziwa kuti pangano la Abrahamu ndi mfumu Abimeleki linakhudza mkangano wa madzi? Antchito a mfumuyo anamulanda chitsime. Abrahamu anadandaula kwa mfumu maso ndi maso, n'kupatula ana a nkhosa aakazi 7 ngati umboni woti chitsimecho anakumba ndi iye. Analumbirirana pa Beereseba, nkhani n'kutha. Amene anaonapo zidebe zikugundana pa mjigo kwa Bowe mwezi wa Okutobala sangadabwe kuti madzi anafikitsa akuluakulu polumbira.

Nanga za mwana wake Isake? Abusa a ku Gerari anamukanganiza chitsime choyamba, iye n'kuwasiyira. Anakumba china, anamulondanso, n'kusamuka. Pa chachitatu m'pamene anamuleka. Lero bwenzi tikuti ndi wamantha, koma pa Genesis 26 ndi Abimeleki amene anadzanyamuka yekha, limodzi ndi Fikolo mkulu wa asilikali, kukapempha pangano. Isake anawakonzera phwando, m'mamawa analumbirirana, ndipo tsiku lomwelo antchito ake anabwera ndi uthenga woti apeza madzi.

Yakobo ndi apongozi ake Labani anaunjika mulu wa miyala, nadya pomwepo, napangana kuti wina asadzaudumphe ndi cholinga choipa.

Kodi mumadziwa kuti lumbiro ankalisunga ngakhale atapusitsidwa? Agibeoni anavala nsapato zakutha, natenga mkate wouma wa nkhungu, n'kunamiza Yoswa kuti achokera kutali. Patatha masiku atatu zinaululika kuti ndi anansi. Anthu anang'ung'udza, koma atsogoleri anakana kuwapha chifukwa anali atalumbira kale. Anangowasandutsa otema nkhuni ndi otunga madzi. Mfumu Sauli atadzaphwanya panganolo, m'masiku a Davide munagwa njala ya zaka zitatu.

Lumbiro la paphwando ndiye loopsa. Herode, atakondwa ndi kuvina kwa mtsikana, analumbira kumupatsa chilichonse. Mtsikanayo atapempha mutu wa Yohane Mbatizi, Herode, pochita manyazi ndi alendo, anaudulitsa.

Nkhani zonsezi timaziwerenga m'Chichewa chifukwa cha ntchito imene mbali yake yaikulu inagwiridwa m'boma la Dowa, pa mishoni ya Mvera yomwe inatsegulidwa mu 1889. Mbusa William Murray ndi anzake anatanthauzira Buku Lopatulika, ndipo linatuluka lathunthu mu 1922.

Tsono inu okonda kunyambita chala n'kuloza kumwamba, amvekere "Pali Mulungu!" pa ngongole ya thumba la feteleza: pa Mateyu 5 Yesu analetsa kulumbira konse, kaya potchula kumwamba, dziko, ngakhale mutu wako. Kalata ya Yakobo ikubwereza zomwezo. Malamulo a Malawi nawo amapereka mpata: mboni ya m'khothi, ngakhale Pulezidenti polowa pa udindo, ali ndi ufulu wongotsimikiza kuti anena zoona kapena atumikira mokhulupirika, osagwira Baibulo.