Tsiku la Bambo ndi Mayi ku Gombe la Mangochi

Makolo athu, amene ankadziwa kuyenda mitunda italiitali wapansi, sankachoka pakhomo popanda chifukwa chomveka. Pakuti munthu akamanga kamba wa paulendo ndi kutsazika anansi ake, mudzi wonse unkadziwa kuti mwina kwagwa maliro, mwina akukafunsira mbeta, mwina akukasuma chakudya m'chaka cha njala, kapenanso walunjika ku Halale ndi ku Joni kukafuna chuma. Kuti mwamuna ndi mkazi wake asiye ana m'manja mwa agogo, atseke nyumba, nakamwaze ndalama ya thukuta lawo pongofuna kukaona madzi ndi kudya nsomba imene akadatha kuigula pamsika wa kwawo, chikadakhala chinthu chachilendo ndithu, ndipo akuluakulu akadanong'onezana kufunsa ngati m'banjamo muli mtendere. Koma masiku ano ulendo wotere wasanduka mwambo wokhala ndi nyengo zake, njira zake ndi malamulo ake osalembedwa, kotero kuti banja la m'tauni limene silidapondeko mchenga wa ku Mangochi limadziona ngati lili ndi ngongole imene silidabweze.

Nyengo zake zikuluzikulu ndi zitatu: Pasaka, Tsiku la Anakubala pa 15 Okotobala, ndi masiku a Khrisimasi kufikira Chaka Chatsopano. A ku Blantyre ndi ku Zomba amadzera ku Liwonde ndi pa Ulongwe, nyanja ya Malombe ili kudzanja lawo lamanja. A ku Lilongwe amatsika chitunda chokhotakhota cha Khwekhwerere, nadutsa pa Golomoti, kufikira mpweya wozizira wa ku Dedza utawasiya ndipo milambe yayamba kuoneka m'mbali mwa msewu. Amene ali ndi galimoto yawo amalawira tambala asanalire kachiwiri; amene alibe amakwera basi kapena minibasi, ndipo ulemu wa ulendo wawo suchepa chifukwa cha chimenecho.

M'mawa wa tsiku la ulendo ndi wa pa boma pa Mangochi. Mzinda uwu, umene azungu adaukhazikitsa m'chaka cha 1891 nautcha Fort Johnston, uli m'mphepete mwa mtsinje wa Shire pakati pa nyanja ziwiri, ndipo bambo ndi mayi, atamwa tiyi wa mkaka ndi mandasi m'kanyumba ka tiyi, amayenda wapansi kapena kukwera kabaza kupita pafupi ndi mlatho, pamene pali nsanja ya wotchi yomangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti yaikulu ya m'sitima ya Guendolen, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Viphya m'chaka cha 1946. Pomwepo mlendo wanzeru amazindikira chinthu choyamba chimene mwambowu umafuna kwa iye, ndicho chakuti wafika m'dziko la Mponda, Makanjira, Jalasi ndi Nankumba, m'mene anthu ochuluka ndi Ayao a Chisilamu. Amazindikiranso kuti nyumba zambiri zodyeramo sizigulitsa mowa kapena nyama ya nkhumba, ndipo sichifukwa cha kusowa malonda ayi, koma chifukwa cha chikhulupiriro. Komanso m'mwezi wa Ramadani amene akumuphikira masana angakhale asadalawe ngakhale dontho la madzi chiyambire mbandakucha. Kufunsa botolo m'nyumba yotere, kapena kuyenda nalo lotsekula pakhomo pa mzikiti, ndiko kudziyalutsa pamaso pa eni mudzi.

Komabe m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay mulinso makomo amene mowa umafululidwa, ndipo banja lofuna kudziwa kukoma kwa dziko, osati kwa hotela kokha, limapatukirako dzuwa lisanafike paliwombo. Sapita okha, amatsogoleredwa ndi munthu wodziwika pamudzipo, ndipo akafika amaodira, nadikira kufikira mayi wofulula atawayalira mphasa kapena kuwapatsa mpando. Ntchito ya mayi ameneyu idayamba masiku angapo m'mbuyomo, pamene adaviika chimanga kapena mapira, nazifunditsa kuti zimere, naziyanika, nazisinja kuti zikhale chimera. Kenaka adaphika phala m'mgolo, nalisiya kuti lizizire, nathiramo chimera, naliphikanso pa tsiku lake, kufikira litayamba kuwira lokha popanda moto. Chimene chachotsedwa msanga chisanasase ndicho thobwa, chakumwa cha aliyense, Mkhristu ndi Msilamu, mwana ndi nkhalamba. Chimene chasiyidwa kuti chikhwime ndiwo mowa wa masese. Asanapereke chipanda kwa alendo, mwini mowa amayamba wamwako yekha iwo akuona, monga ankachitira makolo posonyeza kuti m'chakumwamo mulibe choipa. Pamenepo bambo amalandira ndi manja awiri, nalawa, napatsira mkazi wake, amene angathe kulawa kapena kupempha thobwa popanda wina kumuseka. Ndipo sikusowa kumva mayi akunena motsitsa mawu kuti, "Abambo, mungolawa chabe, ulendo ukadalipo," bambo nayankha mwamanyazi kuti, "Ndamva, amayi, chipanda chomwechi ndi chomaliza." Pochoka salipira mowa wokha, amasiyako kangachepe kothokoza, chifukwa adafika ngati alendo, ndipo adalandiridwa ngati alendo.

Kunena za vinyo, minda yaikulu ya mphesa ndi ya maiko ena, ndipo vinyo wochuluka amene amaikidwa patebulo m'mahotela a ku Nkopola ndi ku Makokola amachokera ku South Africa; koma dziko lathu silidamanidwe vinyo wake. Ku Lilongwe a Linga amapanga vinyo wa jambula, wa magwafa ndi wa chidede, ndipo m'midzi ina ya kotentha, kumene migwalangwa imamera yokha, amuna amasema nsonga ya mtengo natchera chikho kuti madzi ake adonthere usiku wonse. Umenewo ndiwo uchema, wotsekemera m'mawa, waukali madzulo. Mowa wa m'mabotolo umene umadzaza mafiriji a kugombe umachokera ku Blantyre, kumene a Carlsberg adatsekula fakitale m'chaka cha 1968, yoyamba kumangidwa kunja kwa dziko la Denmark, imene idalowa m'manja mwa a Castel m'chaka cha 2016. Pambali pa zonsezi pali Chibuku cha m'mapaketi ndi kachasu wotchezedwa kuseri kwa nyumba, amene munthu woyenda ndi mkazi wake, ngati ali ndi nzeru, amangomva fungo lake napitirira.

Mtima wa tsiku lonse ndi chakudya cha masana. Pa masiku a chikondwerero nyumba zodyeramo za m'mbali mwa nyanja zimadzaza kufikira pakhonde. Mipando imasowa, operekera chakudya amathamanga thukuta lili kamukamu, nyimbo zikulira, ana akuthamangitsana pamchenga, ndipo banja limene lafika ndi njala limauzidwa kuti nsomba ikadali pamoto. Amene sadziwa mwambo amakalipa ndi kumenya tebulo. Amene amaudziwa amasankha okha chambo chawo chisanaphikidwe, poona kuyera kwa maso ake ndi kufiira kwa m'makha mwake, nanena ngati akufuna chootcha, chokazinga kapena chamsuzi, ndi nsima, mpunga kapena tchipisi, kenaka nakhala pamthunzi kudikira moleza mtima, podziwa kuti chambo chimene chabwera msanga ndi chimene chidaphikidwa kale. Madzi osamba m'manja akabwera, mkazi amathirira mwamuna wake, ndipo, chimene agogo athu sakadakhulupirira, mwamuna amatenga jagi nathiriranso mkazi wake. Pano ndi pamene pagona chatsopano chenicheni cha mwambowu: kale amuna ankadyera pabwalo ndi amuna anzawo, akazi kuseri ndi ana, ndipo mkazi ankalawa ndiwo zimene waphika yekha atatopa kale ndi utsi; koma lero, kwa tsiku limodzi ili, sadatunge madzi, sadasonkhe moto, sadzatsuka mbale, ndipo akudya nsomba imodzi ndi mwamuna wake pamaso pa anthu, akukambirana za mutu wa chambo, umene odziwa nsomba amati ndiwo wonona koposa, ndipo mwamuna waulemu amausiyira mkazi wake.

Dzuwa likapendeka, ambiri amapitirira mpaka ku Chembe, kumene azungu amati Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park, nkhalango yotetezedwa imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1980 ndi kulembedwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 1984 chifukwa cha nsomba zake zamawangamawanga zotchedwa mbuna. Kumeneko kuli manda a amishoni a Livingstonia, amene adafika m'chaka cha 1875 nasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881 malungo atawatha mphamvu. Kumenekonso anyamata a maboti amatenga alendo kupita nawo ku chilumba cha Thumbi, naponyera nkhwazi nsomba kuti itsike kudzaiwakha. Usiku ukagwa, nyali za asodzi a usipa zimayaka m'kati mwa nyanja, malo omwera amatsekula zitseko, kanyenya amanunkhira, ndipo mayesero a tsikulo amafika pachimake, pakuti khomo lililonse likuitana, ndipo lililonse likuoneka lokoma kuposa limene mwachokako. Apa akulu adatisiyira chenjezo lokwanira, kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Nyanja imene idameza Viphya simvera chisoni munthu wolowa m'madzi ataledzera, ndipo msewu wa ku Monkey Bay, wodzaza njinga, mbuzi ndi ana, suyenera woyendetsa amene wamwa. Chifukwa chake mabanja okhwima amapangana dzuwa lisanalowe kuti ndani amwe ndani agwire chiwongolero, kapena amafuna pogona pomwepo nabwerera m'mawa.

Mwambo umatsekedwa ndi mphatso ya otsala kunyumba. Palibe amene amabwerera chimanjamanja: amagula malambe, usipa wofutsa, mphasa kapena zipewa za mlaza, ndipo koposa zonse chambo chachiwisi, chimene amachimangirira pagalasi la m'mbali mwa galimoto kuti mphepo ichiombe panjira, kotero kuti aliyense wokumana nawo pa Liwonde amadziwa kumene achokera. Koma pano pali mlandu umene tiyenera kuuzenga mosabisa. Chambo chimaswana m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, chachikazi chikusunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndipo ndicho chifukwa boma limatseka usodzi wa makoka pa nyengoyo; komatu nyengo yomweyo ndiyo ya Khrisimasi, pamene alendo amachuluka ndi kuitanitsa chambo pamtengo uliwonse. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Wogula kachambo kakang'ono m'nyengo yoletsedwa ali ndi gawo m'tchimo la amene adaponya khokalo, chifukwa msodzi sapha chimene sichigulidwa. Ndipo mcheni, utaka ndi usipa zilipo zokwanira kukhutitsa banja lililonse.

Tsono mwambo uwu, ngakhale udabwera ndi magalimoto ndi malipiro a pamwezi, ndi woyenera kuusunga, chifukwa umapatsa mkazi mpumulo umene amayi ake sadauone, ndipo umabweza mwamuna kumbali kwa mkazi wake m'malo momutayira kubala ndi anzake. Inu amene mukukonzekera ulendo wa chaka chino, pitani ndi ulemu umene mukadapita nawo kwa apongozi anu: perekani moni musanafunse mtengo, valani moyenera podutsa m'mudzi, musanyoze chikhulupiriro cha eni dziko, lipirani mayi wofulula ndi mnyamata wa boti popanda kuwafinya, imwani mwa muyeso, ndipo chambo cha m'nyengo yoswana muchisiye m'madzi, kuti ana anu akadzakula adzapeze chimene inu mudachipeza.