Chivomezi sichiodira pakhomo

Mayi anga kwathu ku Chezi sayiwala usiku wa pa 10 Malichi 1989. Ine ndinali wa kumsana. Akuti mbale zinagwa, zipupa zinang'aluka, mudzi wonse unagona panja. Chivomezicho chinayambira cha ku Salima, mphamvu yake inaposa 6. Anthu 9 anafa, pafupifupi 50,000 anasowa pogona.

Mpaka lero ena kumudzi amati chinali chilango. Ine sukulu ya ukachenjede sindinamalize, fizi inavuta, koma zochepa zomwe ndinatolako ndikugawireni.

Mukamatsetsereka pa minibasi kuchoka ku Chezi kupita ku Salima, dziwani kuti mukulowa m'chigwa chomwe chinapangika dziko litang'ambika. Nyanja yathu yakhala m'chigwa chomwecho. Kung'ambikako sikunathe: mbali ziwirizi zikutalikirana mamilimita ochepa chaka chilichonse. Nchifukwa chake zivomezi zathu zimakonda m'mphepete mwa chigwachi, momwe muli ming'alu ya m'matanthwe. Ku Karonga mu Disembala 2009 zinabwera motsatizana, chachikulu cha 6.0, anthu 4 anafa.

Nanga kukula kwake? Zimatengera kutalika kwa mng'alu womwe waterereka. Ukaterereka pang'ono, makapu okha ndiwo amalira. Koma kumwera kwa Salima kuli mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita pafupifupi 100. Akatswiri akuti utati waterereka wonse nthawi imodzi, mphamvu yake ingapose 7.

Tsiku ndiye palibe alidziwa. Inu a geni mumadziwa mphira yomangira katundu panjinga. Mumaikoka tsiku ndi tsiku, mukudziwa kuti idzaduka, koma simunganene kuti ndi Lachiwiri kapena Loweruka. Matanthwe nawonso amakokeka zaka mazana, kenaka phuu! Wina akadzakuuzani kuti waloteredwa deti, gwirani thumba lanu.

Tsono abale, poti malo tikuwadziwa koma nthawi sitikuidziwa, nzeru ili pa kamangidwe. Ndimaona magolosale akumera m'mbali mwa msewu: njerwa zomata ndi dothi, khoma lopyapyala, lintala kulibe, koma penti yowala. Chomwe chimapha munthu ndi khoma, osati kugwedezeka kwa nthaka.

Musanagule siginibodi, gulani simenti ndi waya, mangani lintala yozungulira nyumba yonse. Ana anu amagona kuseri kwa shopu yomweyo.