Dzungu lodula ndi nkhwangwa ndi maungu a pa Khonjeni

M'masewero a pa kompyuta ndi pa foni otchedwa Stardew Valley, omwe Eric Barone wa ku America adatulutsa mu 2016, wosewera amayamba ulimi pa munda womusiyira agogo ake. Chaka chake chili ndi nyengo zinayi za masiku 28 iliyonse, ndipo mbewu yodzala mochedwa imafota nyengo ikatembenuka. Chimene osewera amachisilira kwambiri ndi mbewu zikuluzikulu: kolifulawa m'nyengo yoyamba, vwende m'yachiwiri, dzungu m'yachitatu.

Kalimidwe kake nkotere. Umadzala mbewu ya mtundu umodzi m'mapando asanu ndi anayi oyandikana, atatu m'litali atatu m'lifupi, n'kumathirira. Ikakhwima sukolola. Tsiku lililonse pamakhala mwayi umodzi pa 100 woti mapando onsewo asanduke chidzungu chimodzi chodula ndi nkhwangwa, chomwe chimapereka maungu 15 mpaka 21. Ena sachidula n'komwe, amachisiya kuti chizikongoletsa munda.

Zoterezi zilikonso kunja kwa foni. Mu 2023 Travis Gienger wa ku Minnesota adapita ku mpikisano wa ku Half Moon Bay, California, ndi dzungu lolemera makilogalamu 1,247. Alimi a mipikisano amathothola maungu ena onse akadali aang'ono kuti chakudya cha mbewuyo chipite kwa limodzi.

Mayi wa pa Khonjeni ku Thyolo atamva zimenezi angagwire pakamwa. Kuno dzungu lilibe munda wakewake. Nthanga zimaponyedwa m'mizere ya chimanga, pamodzi ndi nandolo ndi nyemba, chifukwa kamunda n'kamodzi komweko. Ndipo mbewuyi imayamba kudyetsa banja isanabale: mu Januwale, chimanga chitatha m'nyumba, nkhwani wotendera ndiye ndiwo. Maungu akayamba kukhwima, chimanga chisanaume, ana amapita kusukulu atadya dzungu lophika. Masamba otsala amafutsidwa kuti akhale mfutso wa m'chilimwe. Wothothola maungu kuti likule limodzi ndiye kuti wataya chakudya cha masabata angapo. Kwa ine, mlimi waluso pa awiriwa ndi mayiyu, pakuti pa kadera kamene wampikisano amalerapo dzungu limodzi, iye amakololapo mbewu zinayi.

Masewerowa amanena zoona pa chinthu chimodzi: nyengo sidikira munthu. Aliyense amene adaphonyapo mvula yodzalira chifukwa chotanganidwa ndi ganyu wothyola tiyi akudziwa zimenezi. Koma pa foni mvula siikokolola munda monga idachitira namondwe Freddy mu Malichi 2023 m'maboma a kummwera kuno.

Chimene masewerowa sachidziwa mpang'ono pomwe ndi nkhani ya malo. Wosewera amapatsidwa munda waukulu tsiku loyamba, ntchito yake n'kungoswa mphanje. Ku Thyolo nthaka yabwino yambiri idalowa m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda. Satemwa yokha idakhazikitsidwa mu 1923, ndipo palinso Makandi, Conforzi ndi Naming'omba. Anthu achuluka, minda ya makolo yagawidwagawidwa mpaka mnyamata wokwatira lero amalozeredwa mizere yowerengeka.

Komabe derali lidali ndi mbewu yake yonyaditsa. Mikoko ya nthochi ya ku Thyolo inkakwezedwa sitima pa njanji yodutsa pa Thekerani, Sandama, Khonjeni ndi Luchenza kupita ku Limbe, ndipo makolo ambiri adaphunzitsira ana ndalama zake. Matenda a chisaka, ofalitsidwa ndi nsabwe za m'nthochi, adaitha minda imeneyo. Mankhwala ake palibe. Alangizi amauza alimi kuzula zitsa zonse zodwala, kudzala mphukira zopanda matenda, kenaka kudikira pafupifupi chaka kuti adule mkoko woyamba. Mnansi mmodzi akakana kuzula zake, nsabwe zija zimabwerera m'minda ya onse.